Nkhoswe ya Chitsulo

Injini ija ndinaipeza kuseri kwa khola la nkhumba ku Domwe,
ili m'chifuwa cha Shevuleti imene Mpwitikizi anasiya
mwezi womwe anachoka osatseka ndi mawindo omwe.
Mavu anali atamangamo.
Ndinathira dizilo m'masilinda, ndinadikira milungu itatu,
ndinapanikiza ndi mgwala. Inatembenuka.
Koma giyabokosi yake mano anali atatha
ngati a munthu wotafuna nzimbe zaka makumi asanu.

Ya mtundu wake sungaipeze ku Ulongwe kuno
ngakhale ku Tete kutsidya kwa mlatho.
Ndinagula ya Dayina imene inagubuduka ndi mbatatesi
pamtsetse wa ku Zobwe.
Magiya asanu.
Mwini wake analira mtengo, ine ndinalira umphawi,
tinakumana pakati.

Nditaziyandikiza pabwalo la galaja
sizinadziwane.
Uku mabowo asanu ndi limodzi, uku asanu ndi atatu,
palibe ndi limodzi lomwe loyang'ana linzake.
Ina inayezedwa m'mainchesi, ina m'mamilimita.
Anselimo wowotcherera anaseka mpaka kutsokomola:
kagulitse kwa a sikelo, achimwene,
ugule njinga yamoto ngati anthu.

Firimina, mwana wanga wachiwiri, sanaseke.
Anang'amba katoni ya sopo,
napaka girisi pamphumi pa injini, nadinda.
Anadindanso pakamwa pa giyabokosi.
Ndi kampasi ya kusukulu anafunafuna pakati
mpaka batire ya foni yanga inatha tikuunikira.

Ukwati wa alendo umafuna nkhoswe.
Yathu inali chitsulo chochindikala ngati chala chachikulu,
ndinakwera nacho chapa mpaka ku Moatize
kumene mkulu wina wa diso limodzi
anachisema masiku awiri osandifunsa dzina.
Anangoti: mabawuti amakhululuka,
pakati sipakhululuka.

Shafuti inaperewera kachidutswa ngati chikhadabo.
Tinasema kamphete kuchokera ku mpopi wamkuwa
umene mayi a Firimina akuufunabe mpaka lero.
Kilatchi ndi theka la uku, theka la uko.
Tinamanga. Tinaliza.
Inalira ngati mwala m'chigayo.

Tinamasulanso,
msana uli pansi, dothi likugwera m'maso,
giyabokosi itandikhala pachifuwa ngati ngongole.
Tinali titaphonya pakati
ndi mpata wongolowa lezala.
Lezala limodzi! Sabata yonse inathera pamenepo.

Mpini wa magiya unatulukira pakati pa mpando.
Tinadula mpando.

Lamlungu m'mawa kunabwera a Jasinto,
amene ankayendetsera Mpwitikizi uja ali mnyamata,
atavala jekete, ati mundilole ndiitulutse ndine.
Anakhala. Anapukuta chiwongolero ndi mkono wa malaya.
Anaponda kilatchi,
dzanja linapita lokha kumanzere, m'mwamba,
kumene livesi inkakhala kale.
Anapotoza khosi kuyang'ana kumbuyo,
galimoto n'kulumphira kutsogolo
ndi kukaphwanya mgolo wa madzi wa Anselimo.

Anazimitsa. Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali.
Ati mwaipatsa lilime lina.

Madzulo ndinaitengera pamsewu wa ku Kalomwe,
Firimina atakhala pa theka la mpando lotsala.
Yoyamba, yachiwiri, yachitatu,
pamene injini inazolowera kufika n'kumakuwa.
Yachinayi.
Titadutsa minda ya kabichi ndinalowetsa yachisanu,
mawu ake anatsika,
anatsikanso,
mpaka tinayamba kumva chitseko chikugwedera
ndi kabawuti kena kamene ndinaiwala m'thumba la chitseko.

Firimina anaika chikhatho pansi pafupi ndi mpini
kumvera ngati pakunjenjemera.
Anakhala choncho mpaka pa mlatho wawung'ono,
kenaka anachotsa dzanja,
nalipukutira pa siketi.
Ati mawa tione mabuleki.