Abale Ake a Pulogalamu

Ndinkati ndikufunsira munthu mmodzi,
osadziwa kuti ndalowa chikamwini.

Pulogalamuyi ntchito yake ndi yochepa:
kuwerenga mvula ya ku Muloza, ya pa Chisitu, ya ku Likhubula,
kuyeza madzi amene dothi lamwa,
n'kutinong'oneza tsiku limene phiri
lidzatope kunyamula miyala yake.
Basi.
Koma ndikadina batani kuti imangidwe
imati: yamba wakapereka moni kwa amalume.

Amalumewo ndi laibulale ya masamu,
ija yochulukitsa manambala m'mizere ndi m'mizati.
Ndawaitana. Afika mochedwa,
netiweki ikutsimphina ngati thirakitala ya tiyi pa chitunda.
Angokhala pansi, akuti sayankhula
popanda mkulu wawo Fotirani,
wobadwa bambo anga asanabadwe,
wosaseka, wolemba zonse m'zilembo zazikulu.
Nayenso ali ndi mpongozi wake.
Mpongoziyo ali ndi ngongole kwina.

Nthawi yakwana naini koloko usiku.
Ofesi yonse ya pa boma yapita kukagona,
kwatsala ine, nalimata wa pakhoma
ndi mzere wofiira pa sikirini:
sindikumupeza, sindikumupeza.
Ulipo iwe! Ndakuika ndekha ndi manja angawa!
Koma njira yopita kwako sindinailembe,
ndiye uli ngati mlendo wokhala kuseri kwa nyumba
eni ake akumufuna pa msewu.

Kenako awiri ayambana.
Wowerenga mafayilo a nyengo akufuna mnzake wa nambala teni,
wojambula mapu akuti wa thwelofu kapena ndichoke.
Mitala sinaphikirepo m'khitchini imodzi.
Ndawamangira mpanda wawowawo,
aliyense ndi khomo lake, ndowa yake,
ndipo kwa kanthawi m'mudzi mwachita bata.

Pofika mapesenti eyite seveni
magetsi thi.

Mumdimamo ndamva nsapato za a Khoromana, alonda athu,
tochi ili m'manja, jekete ikununkha utsi.
Akuti, achimwene, simunathebe?
Ndati ayi, ndikusonkhanitsa achibale.
Aseka. Kenako aleka kuseka.
Akuti, chija mumati chidzatiuza za napolo n'chimenechi?
Ndati inde, chikadzavomera kudzuka.
Ayang'ana ku phiri kumene sikukuoneka,
atchula dzina la mlongo wawo, Elube,
amene sanapezeke ngakhale chitenje chake,
n'kutuluka kukalimbana ndi jenereta.

Ndagula bandulo ina ndi ndalama ya ndiwo.
Ndayambiranso pa ziro,
ulendo uno mwaulemu, mwa ukulu wawo:
womasulira chinenero cha makina poyamba,
amalume a masamu pambuyo pake,
wogawa ntchito kwa mapurosesa anayi,
owerenga, ojambula,
ndi kamwana kakang'ono kofinya mafayilo
kamene aliyense amakatuma koma sakatchula.

Zilembo zikutsika pa sikirini
ngati Ruo mu Febuluwale.
Sindikupuma bwino.
Chenjezo lachikasu ladutsa, lina, linanso,
ndaziwerenga ndi diso limodzi ngati ngongole zakale.
Wofiira uja sanabwere.

Palibe nthungululu. Kompyuta sidziwa zimenezo.
Yangosiya kamzere kakuphethira, kudikira.

Ndisanaiyese ndatsegula tsamba loyera
ndikulemba mayina onse ndi manambala awo,
woyamba kulowa ndani, wodana ndi mnzake ndani,
kuti Mwandiyeza, akadzabwera mwezi wa mawa kudzaphunzira ntchito,
asadzagone ndi njala pa khomo lomweli.
Ndikudziwa, pofika nthawiyo wina adzakhala atasintha dzina,
wina atasamuka osatsanzika.
Ndikulembabe.

Kunja chiperoni chayamba kugogoda pa malata,
pang'onopang'ono, ngati wosafuna kudzutsa ana.
A Khoromana asuzumira pa windo.
Ndalowetsa mvula ya dzulo, mamilimita makumi anayi ndi awiri,
ndadina,
ndipo tonse awiri tikuyang'ana
kanambala koyamba kakutuluka.