Mwana wa Telala

Bambo anga a Jawdat asoka malaya mu Irbid
zaka makumi anayi ndi ziwiri.
Batani amalisokerera osayang'ana,
mapini ali pakamwa, wailesi ikulira,
ndipo palibe kasitomala anabwerako
kudzati bowo lasemphana ndi batani lake.

Inenso ntchito yanga ndi ya mabatani,
koma anga alibe ulusi.
Ndimawaika kumunsi kwa mafomu a pa intaneti
mu ofesi ina ku Amman, nsanjika yachinayi,
pamwamba pa sitolo ya matayala.

Lachinayi lija ndinawapeza m'shopu
atagwira foni ngati mbale yobwereka,
magalasi atatsetserekera kumphuno.
Ankafuna kupezera mayi tsiku kuchipatala cha maso.
Ng'ala yakula.
Fomuyo ndinaizindikira ndili pakhomo:
mtundu wobiriwira uja ndinasankha ndine.

Analemba dzina la mayi, Suhaila.
Chaka chobadwa anachiwerengera pazala.
Nambala ya chiphaso, manambala khumi,
imodzi imodzi, milomo ikugwedera.
Kenako chala chinatsetserekera kumanzere
monga chachitira pa mzere uliwonse
umene awerengapo chibadwire.
Kwathu kuno mawu amayambira kumanja;
kutsogolo ndi kumanzere.

Koma kumanzereko ndinaikako "Bwererani".
Ndinatengera chikombole cha anthu akutali
amene mawa lawo lili kudzanja lamanja.
Mawu ndinamasulira, malo ndinawasiya.

Tsamba linayera mbee.
Suhaila, chaka, manambala khumi aja, zonse psiti.

Anayambanso.
Kachiwiri.
Kachitatu anapukuta chala pa thalauza
ngati vuto ndi thukuta.
"Zala zakalamba izi," anatero akuseka pang'ono,
"zimangodziwa nsalu."
Anandipatsira foni.

Kukamwa kunandiuma.
Ndinadzaza msangamsanga, n'kudina kumanja,
poti mu Irbid monse ndinali ndekha
wodziwa kumene khomo linabisidwa.
"Wachenjera mwana wanga," anauza Mutasim, wophunzira wawo.
Ine ndinangoyang'ana zidutswa za nsalu pansi.

Tiyi asanazizire anabwerera ku ntchito.
Ndinawamva akumudzudzula mnyamatayo pa malaya ena:
"Usaliike pomwe pakukomera iwe.
Ganiza za mwini wake m'mamawa,
magetsi atazima, tulo tili m'maso.
Dzanja lake likupita kuti?
Batani likamudikire kumeneko."
Sankanena ine.
Sankadziwa n'komwe.

M'basi yausiku yobwerera ku Amman
ndinatsegula laputopu pamaondo.
"Pitirizani" ndinamusamutsira kumanzere,
wamkulu, wodzaza mtundu, pomwe chala chimagwera chokha.
"Bwererani" ndinamuchepetsa, n'kumukankhira patali,
ndipo ndinamulanda mphamvu yofufuta:
wobwerera azipeza dzina la mkazi wake likadalipo.
Mphindi khumi ndi imodzi zokha.
Basi inali isanafike n'komwe ku Jerash.

Fomuyo yakhala pa intaneti miyezi isanu ndi iwiri.
Ndinayesa kuwerenga azibambo angati
anatukwana zala zawo chifukwa cha ine,
agogo angati anangoti ndidzapita ndekha kukaima pamzere,
angati sanapite.
Makina amandiuza chiwerengero cha osiyira panjira.
Sandiuza zimene ananena poika foni pansi.

Lamlungu Lujain adzafunsa pamsonkhano
kuti ndani wandilola kusintha popanda tikiti.
Ndilibe tikiti.
Ndili ndi chala chimodzi chokhala ndi chipsera cha singano
chikulendewera pamwamba pa galasi,
chikukayika dzanja lake lomwe.

Mayi akalowa pa naini mwezi wamawa.
Bambo asita kale malaya oti adzavale tsikulo.
Mawa ndiwaimbira.
Mwina ndiwauza, mwina ayi.
Mwina ndingoti, Bambo, tayesaninso fomu ija,
kenako ndikhale chete pa foni
ndimvere ngati bowo lapeza batani lake.