Thumba la Zovala

Ine sindikwera pa siteji.
Ntchito yanga ndi thumba ili la feteleza
momwe mwagona woweruza, wapolisi ndi mkwatibwi,
onse opindidwa panayi,
akununkha chinyontho cha ku Chiputula
kumene chovala sichiuma mwezi wa Juni.

Mkanjo wa woweruza ndinausoka ndi katani yakale ya kutchalitchi.
Amauvala ndi Vitumbiko Chavula,
yemwe m'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke,
amapalasa sakaramento kuchokera ku Zolozolo
atakweza mayi ndi dengu lake la tomato.
Loweruka akamenya tebulo ndi nyundo, holo yonse zii,
ngakhale ana a chiponde pakhomo amasiya kutafuna.
Koma ine ndimayang'ana akakolo ake.
Pansi pa chilungamo chonsecho
pali girisi wa tcheni.

Mawu amene amalankhulawo ndi a bambo Mzumara.
Zaka makumi awiri anali womasulira kukhoti,
kutenga kulira kwa Chitumbuka
n'kukupereka kwa majisitireti m'Chingerezi chouma.
Amati zimene zinkagwera pansi pakati pa zilankhulo ziwirizo
ankatola n'kuika m'thumba la malaya.
Atapuma ntchito, penshoni ikuyenda pansi kuchokera ku Lilongwe,
anazikhuthulira m'makope a mdzukulu wawo.
Sewero lathu loyamba lili kuseri kwa masamu a Sitandade 6.

NyaKhonje amagulitsa zitenje mu Taifa.
Pa siteji waika m'manda amuna khumi ndi mmodzi,
misozi yake simachedwa, ili ngati basi ya m'mawa ya ku Karonga.
Tsiku lomwe wake weniweni anatsikira kuchipatala chachikulu
maso ake anangoti gwa.
Anthu ananong'ona pamaliropo.
Lachitatu lake anabwera ku pulakatisi, mpango wakuda kumutu,
nati, mundipatse gawo loseketsa.
Tinampatsa. Anthu anaseka mpaka kugwa m'mabenchi,
ine ndikumangirira batani lomwe silinathothoke.

Lusekelo ali ndi digiri ya uphunzitsi mu envulopu ya khaki,
chaka chachinayi akudikira kuti boma limukumbukire.
Amasewera wamisala.
Sanza zake ndi zokhazo zimene ndimasita mosamala,
chifukwa amayi ake amakhala kutsogolo.

Yunifolomu ya wapolisi ndinayezera Suzgo,
mnyamata wamtali wonyamula matabwa a ku Chikangawa.
Anakwera basi ya ku Joni sewero lili pakati pa milungu yake,
akuti tsopano amathirira maluwa a mzungu
ndipo galu wa pamenepo amamvera mawu ake aupolisi.
Amene wamlowa m'malo ndi wamfupi.
Miyendo ya buluku ndinangoipinda, sindinadule.
Musandifunse chifukwa.

Tikatha, timakhala pamakwerero a holo kuwerenga za pakhomo.
Mwini holo atenge, mwini jenereta atenge,
chotsalacho sichikwana ndi mtolo wa makala.
Vitumbiko amavula ulemu wake n'kundipatsa,
ndiupinda, ndiuponya m'thumba pamwamba pa mkwatibwi,
iye n'kukasaka wokwera womaliza ku depoti.

Sabata yatha a Mzumara anandiitanira pambali,
nandipatsa pepala long'ambidwa m'kope.
Sewero latsopano, akuti, muli telala,
ali ndi mizere itatu yokha.
Ndinakana. Anangosiya pepalalo pamakina anga n'kumapita.

Mizereyo ndaloweza, ndimainena ndikamapalasa moto.
Wachiwiriwo ndi wautali, umandithera mpweya.
Chimene chikundisowetsa tulo ndi china:
ndikudziwa mapewa a aliyense m'gulu lino,
chiuno cha NyaKhonje chisanachepe ndi chitachepa,
khosi la Suzgo lomwe lili kutali,
koma tepi iyi, zaka zisanu ndi zinayi ili m'khosi mwangamu,
sinandiyezepo ine.
Ndani adzagwire mbali inayo?