Kanyali Kachikasu

Kandiyakira pa Kanengo,
kachikasu ngati diso la mphaka mumdima,
singano itagona kale pansi
ngati wodwala malungo.

Yotamu wa ku Biwi anandiuza dzana,
manja ali bii ndi girizi:
"Bwana, geji yanuyi ndi yabodza.
Ikati mafuta atha, mukafika ku Lumbadzi n'kubwerako.
Ikati theka, yambani kupemphera."

Ndiye ndimvere ndani?
Pa Area 18 mzere wa petulo wakhota mpaka kuseri,
ena agona momwemo chigonere dzulo.
M'thumba muli ndalama, inde,
koma ndi za yunifolomu ya Mwatitha.

Ndazimitsa wailesi, ngati nayonso imamwa.
Potsetsereka ndachotsa giya,
ndikuinyengerera ngati ng'ombe yokalamba pangolo:
tiye mayi, tiye,
pang'ono pokha.

Pa mlatho wa Lingadzi yatsokomola kawiri.
Kenako zii.

Minibasi zikundiimbira mahutala,
kondakitala wina watukwana mtundu wanga wonse.
Kanyali kaja kakungondiyang'ana, osaphethira.
Chaka chonse kakhala kakunama,
lero lokha kasankha kunena zoona,
ine chigubu m'manja, ndikukodola kabaza.