Kachipewa pa Mneni

Chipinda cha nambala fotini, nyumba ya okalamba ku Morlaix.
Mvula ikugogoda pa galasi ngati wolonjerera ngongole.
Bambo anga sakundidziwa.
Anditcha Nolwenn, dzina la namwino wa usiku,
andifunsa ngati ndabweretsa mankhwala a miyendo.

Zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri anaima pa bolodi,
choko chitayeretsa manja a jekete,
ana a asodzi akuba maso kuyang'ana maboti pa zenera.
Lero supuni ikuwakanika.
Dzina la mayi anga linawatsakamira penapake pakhosi,
silituluka, silimezeka.

Koma ndikati, "Aphunzitsi, mneni venir,
m'nthawi ija anthu anaitaya,"
msana uwongoka pa mpando wa matayala,
chala chikwera m'mwamba:
que je vinsse,
que tu vinsses,
qu'il vînt.
Apa aima.
Ajambula m'malere kachipewa ka pamwamba pa i,
kadenga ka nyumba yopanda wogonamo.
"Osaiwala chipewa, mtsikana iwe.
Ukachiiwala wanena kuti munthuyo anabweradi,
pomwe ife tikunena kuti tinkangofuna abwere."

Ndinkadana nayo nthawi imeneyi ndili mwana.
Ma s ake ankalira ngati njoka zotsekeredwa m'thumba.
Wogulitsa buledi saiyankhula,
woyendetsa basi saidziwa,
ukaitchula pa msika wa nsomba
amayi aseka mpaka kugwira nthiti.
Ndinkailemba Lachitatu masana, anzanga ali ku doko,
inki itadetsa chala chapakati,
bambo diso limodzi pa nyuzi, linalo pa kope langa.
Ndinalumbira kuti ndikakula sidzandituluka m'kamwa.

Ndinakwera sitima ya ku Lyon ndisanakwane zaka makumi awiri
ndipo lumbiro lija ndinalisunga.
Makalata awo ndinkayankha pa Khirisimasi,
mizere itatu, yonse m'nthawi ya tsopano:
ndili bwino, ntchito ikuyenda, kuno kukuzizira.

Que nous vinssions,
que vous vinssiez,
lilime literereka, mano oikirira agundana,
qu'ils vinssent.
Apuma ngati wakwera chitunda ndi njinga.
"Wina," atero. "Ndipatse wina."

Ndiyang'ana kapu ya madzi, ndiyang'ana nsapato zanga zonyowa.
"Rester," nditero. Kukhala, osachoka.

Que je restasse,
que tu...
Chala chitsika pang'onopang'ono mpaka pa bulangete.
Maso awo, omwe mwezi wonse akhala akundidutsa
ngati ndine chitseko chotsekula,
aima pa nkhope yanga.
"J'aurais voulu que tu restasses, Armelle."
Ndikanakonda ukanakhala, Armelle.

Dzina langa.
Koma ndikudziwa mmene ankaphunzitsira:
chiganizo chachitsanzo chilichonse ankachimata dzina la mwana
kuti wogona kumbuyo adzidzimuke.
Mwina ndine wa benchi yachitatu, mwana wa wowotcherera maboti.
Mwina ndine wawo.
Mneniyu sanena.
Ntchito yake n'kusunga zomwe zinafunidwa,
osalonjeza kuti zinachitika.

Nolwenn weniweni alowa ndi msuzi wa mbatata,
andiuza kuti nthawi ya alendo yatha kalekale.
Ndivala chikhoto. Tikiti ya sitima ya usiku
ikundikanda m'thumba.

Ndili pa chitseko, mawu a m'kalasi andipeza kumsana:
"Ntchito ya kunyumba. Mneni revenir, anthu onse asanu ndi mmodzi.
Lachinayi, pa tebulo panga."
Kubwereranso.

"Inde, aphunzitsi."

M'khonde galasi lachita nthunzi.
Ndilemba ndi chala, ndiyamba ndi wachitatu,
qu'elle revînt,
ndiima nthawi yaitali pamwamba pa i,
chala chili m'malere,
osadziwa ngati ndiike chipewa.