Pepala Lachiwiri

Zaka makumi awiri ndi ziwiri, a Lyle,
ndakhala ndikumwa khofi wanu wozizira
kuno ku Toledo.
Magalimoto asanu ndagula kwa inu.
Tsiku loika mayi anu m'manda
ndinanyamula nawo bokosi, chipale chofewa chikugwa.

Lero yafika yofiira ija,
ya zitseko ziwiri, yonyonyomala ngati mphaka woona mbewa.
Pagalasi mwamatapo mapepala awiri:
lina la kufakitale,
lina lanu, lolembedwa pamanja,
madola zikwi makumi awiri pamwamba.

Mukuti ndi msika.
Kodi msikawo ndi umene unkakutumizirani khadi pa Khirisimasi?

Mnyamata wa ku Detroit walipira kale,
chiwongolero osachikhudza n'komwe.

Kapu yanu nayi.
Ndaitsuka.