Ziro Ali Pakona

Magetsi athima singano ili pakati pa chilembo cha M,
mwendo umodzi wasokedwa, winawo ayi.
Mchesi yense kuti zii,
kupatula owotcherera mageti tsidya la msewu
amene akutukwana chinthu chosamva.
Mabaji a sukulu makumi asanu ndi limodzi akufunika mawa.

Ndaziona, usakhudze felemuyo.
Wakhudza kale, ndi chigongono, pofuna foni yake.

Mota ameneyu alibe maso, mwana iwe.
Sadziwa kumanzere, sadziwa pothera njanji.
Amangowerenga mapazi ake:
mazana awiri, ndiye kuti wazungulira kamodzi.
Chiwerengero chimakhala ndi moto,
moto ukachoka chimapita nawo.

Cha m'ma folo ana akuwa kuti ayaka!
Filiji ya m'golosale yatsokomola.
Makina adzuka mosachita manyazi,
akuyesa pamene aimapo m'pamene anayambira.
Ukawalola, asoka mwendo wa M panja pa baji,
singano iluma chitsulo, ndipo zamtunduwu ku Malangalanga zinatha.

Ndiye kweza singano kaye.
Dina batani lojambulidwa kanyumbalo.
Taona akukwawa chakumanzere,
lamba akung'ung'udza,
mpaka phewa ligunde kaswichi ka pakona: khe.
Abwerera pang'ono.
Apitanso, ulendo uno mwaulemu,
ngati munthu wogogoda kachiwiri
posadziwa ngati pakhomopo akumukumbukira.
Khe.
Kenako chakumbuyo, chimodzimodzi.
Pagalasi palembedwa ziro ndi ziro.

Ukuti akutaya nthawi?
Ine ndinawerenga zaka zisanu ndi zinayi ku Joni
osatembenuka.
Tsiku lina anandizimitsa pamsewu, ndilibe pepala,
nadzandiyatsira pa depoti
ndi jumbo imodzi ndi nsapato za eni.
Ndinkati ndidziwa pamene ndili.
Ndinakwera minibasi yolakwika, kondakitala nkundiseka.
Ku Kawale ndinafika wapansi, kutada,
chitseko cha achemwali chitapakidwa penti ina.
Ndinagogoda, nkubwerera mpaka pa mpanda.
Ndinagogodanso ndi chala chimodzi.
Anati ndani, ndinatchula dzina langa la ubwana.
Anati wadya?
Ndinayambira pamenepo kuwerenga.

Tsopano tapenya pakhomapo, ndinalemba ndi choko
magetsi asanaphethire komaliza:
sitichi ya 4,312.
Lowetsa nambalayo. Usathamange.
Felemu ikuyenda yokha kudutsa nsalu yonse,
yadumpha chithunzi cha buku, yadumpha nyali,
yaima pa M wopunduka uja.

Tsitsa singano ndi dzanja, pang'onopang'ono.
Yaphonya bowo lakale ndi mpata wa tsitsi limodzi,
nsalu inaterereka muja unagunda.
Ahedi sadzaona. Mwana wovala sadzaona.
Ine ndidzaona, baji imeneyi ikadzandidutsa pamsewu.

Dina, tisoke,
asanathimenso.